Mmene Asipanya anasandutsira mwambo wa Inca kukhala goli

Mu 1573, bwanamkubwa wa Spain ku Peru, Francisco de Toledo, analamula kuti zigawo 16 za m'mapiri a Andes zizitumiza amuna chaka ndi chaka kukakumba siliva ku Potosí, m'dziko limene lero ndi Bolivia. Pa amuna asanu ndi awiri aliwonse a zaka 18 mpaka 50, mmodzi ankayenera kupita, ndipo onse pamodzi ankakwana pafupifupi 13,500 pachaka. Dongosololi linatchedwa mita, dzina limene eni dziko ankalidziwa kale, ndipo oliikira kumbuyo ankati Spain yangopitiriza zimene mafumu a Inca ankachita. Mawu amenewa ali ndi kachoonadi kake, n'chifukwa chake anasocheretsa ambiri. Ine ndikuona kuti Toledo anatola theka la mwambowo, loti munthu wamba agwire ntchito, n'kutaya theka linalo, loti wolamulira amudyetse, amuveke ndi kumutchinjiriza ku njala.

Ufumu wa Inca unalibe ndalama, choncho msonkho wake unali thukuta. Banja lalikulu lililonse, lotchedwa ayllu, linkapereka anthu mosinthana kukalima minda ya boma ndi ya chipembedzo, kukalambula misewu yochokera ku Cusco, likulu la ufumuwo, kukaluka milatho ya udzu pamwamba pa zigwembe, kukamenya nkhondo ngakhalenso kukakumba migodi. Koma woitana ntchito anali ndi mangawa ake. Boma linkapereka chakudya, zida, nsalu ndi mowa wa chimanga wotchedwa chicha, ndipo munda wa amene wachoka ankaulima ndi abale otsala. M'mbali mwa misewu munali nkhokwe zikwizikwi zodzaza chimanga, mbatata zouma ndi nsalu, zimene zinkadyetsa asilikali ndi antchito komanso kuthandiza mvula ikakana. Zimene thukuta linkabala zinkatsala m'dziko momwemo.

Francisco Pizarro atagwira mfumu Atahualpa ku Cajamarca pa 16 November 1532, ali ndi amuna osakwana 200, n'kuipha chaka chotsatira ngakhale inapereka golide wodziwombolera, Asipanya anagawana chuma cholanda. Chuma chotere sichichedwa kutha. Chimene chinaimika utsamunda wawo ndi phiri la Cerro Rico la ku Potosí, kumene siliva anapezeka mu 1545. Kwa zaka pafupifupi 20 zoyambirira, eni dziko ndiwo ankasungunula miyala m'ting'anjo tawo totchedwa huayra, toyaka ndi mphepo ya paphiri, ndipo ambiri ankatsala ndi gawo la siliva m'manja. Miyala yonona itayamba kusowa m'zaka za m'ma 1560, phindu linachepa ndipo antchito anayamba kuchoka. Apa m'pamene Toledo anabweretsa njira yolekanitsa siliva ndi mekyule, imene Bartolomé de Medina anaiyambitsa ku Pachuca m'dziko la Mexico. Mekyuleyo ankachokera ku migodi ya Huancavelica. Njirayi inkatulutsa siliva ngakhale m'miyala yosauka, koma inkafuna kuti miyala yochuluka zedi itulutsidwe pansi n'kuperedwa m'zigayo za Asipanya, ntchito imene munthu womasuka sakanailola pa malipiro ochepa. Kutsatana kwa zinthuku ndi umboni waukulu: mita inakhazikitsidwa pamene antchito odzifunira anachepa, osati chifukwa cholemekeza mwambo. Toledo yemweyo ndiye analamula kudula mutu wa Túpac Amaru, mfumu yotsiriza ya Inca, pabwalo la ku Cusco mu 1572.

Munthu wa ku Chucuito, m'mbali mwa nyanja ya Titicaca, ankayenda pafupifupi miyezi iwiri kuti akafike ku Potosí, atatenga mkazi, ana, ziweto zake za llama ndi kamba wa pankhokwe pake. Lamulo linkati agwire sabata imodzi n'kupuma masabata awiri, koma eni migodi anayamba kuika mlingo wa miyala yoti aliyense atulutse, ndipo wolephera ankadulidwa malipiro. Ankasenza matumba a miyala kukwera makwerero a zikopa, kuchoka m'mapanga otentha kukatulukira mu chisanu cha pamtunda woposa mamita 4,000. Amene ankatumizidwa ku Huancavelica ankapuma fumbi la mekyule, poizoni wochititsa manjenje ndi kugwetsa mano. Nanga siliva ankapita kuti? Gawo limodzi mwa magawo asanu linali la mfumu ya Spain. Wochuluka ankawolokera ku Seville kukalipira ngongole ndi nkhondo za ku Europe, ndipo wina ankadutsira ku Manila kupita ku China. Ku mudzi wa wokumba sikunkabwerera kanthu koti n'kulowa m'nkhokwe. Amene amadziwa mmene thangata, mwambo wothandizana, unasandukira ntchito yokakamiza m'minda ya azungu ku Chiradzulu ndi ku Thyolo, aizindikira msanga njira imeneyi.

Wina anganene kuti ndikuwayeretsa mafumu a Inca. Kunena zoona, ntchito yawo sinali yoti munthu n'kuikana, ndipo ankasamutsa midzi yathunthu kupita kumadera achilendo pofuna kuthyola mphamvu za ogalukira. Mitundu ngati Cañari, Huanca ndi Chachapoya inathandiza Asipanya chifukwa inali itatopa ndi Cusco. Zonsezi n'zoona, koma sizikugwetsa mfundo yanga. Mfumu ya Inca inkadziwa kuti mphamvu zake zili m'kuchuluka kwa anthu okhuta, chifukwa inalibe kwina kogulitsa thukuta lawo. Mwini mgodi wa ku Potosí ankawerengera phindu la chaka chimenecho, ndipo wantchito akafa, udindo wopeza wina unali wa mfumu ya mudzi, yotchedwa kuraka, imene inkatha kumangidwa kapena kulandidwa katundu ikalephera kukwaniritsa chiwerengero.

Ena amati antchito a mita ankalipidwa, komanso kuti pofika cha m'ma 1600 ambiri ogwira ntchito ku Potosí anali aganyu otchedwa minga. Izinso n'zoona. Koma malipiro a mita anali otsika kwambiri poyerekeza ndi a aganyu, moti munthu ankadya za kwawo kuti akhale ndi moyo, kutanthauza kuti midzi ndiyo inkalipirira migodi. Aganyu ambiri anali anthu omwewo a mita, amene ankagulitsa masabata awo opuma kuti apeze chakudya ndi ndalama za msonkho. Panabukanso chizolowezi choti mudzi uzipereka siliva m'malo mwa munthu, ndipo eni migodi ena ankangoika ndalamazo m'thumba osakumba kanthu. Kodi mwambo wa makolo ukanafika pamenepo? Ngakhale nthomba ndi chikuku, zimene zinapha anthu ambiri kuposa migodi, sizichepetsa mlanduwu. Anthu akamachepa, chiwerengero chofunika sichinkatsika mofanana, choncho otsala ankapita pafupipafupi, ndipo ambiri anathawa midzi yawo n'kukakhala alendo kwina, kutaya minda pofuna kupulumutsa moyo.

Asipanya ena anauona mlanduwu. Mu 1670 bwanamkubwa Conde de Lemos anapempha mfumu kuti mita ya ku Potosí ithe, koma sizinatheke. Túpac Amaru II atagalukira mu 1780, kuthetsa mita kunali pakati pa zofuna zake, ndipo anaphedwa mwankhanza ku Cusco mu 1781. Nyumba ya malamulo ya ku Cádiz, ku Spain, inathetsa mita mu 1812. Mu 2010, katswiri wa zachuma Melissa Dell anayerekeza midzi ya ku Peru ya mbali ziwiri za malire akale a mita, ndipo anapeza kuti mabanja a mkati mwa malirewo ankagwiritsa ntchito chuma chochepa ndi pafupifupi 25 peresenti, komanso ana opinimbira anali ochuluka kuposa a kunja kwa malirewo.