Mphika, Khola ndi Bokosi: Mbiri ya Kusunga Cuma Kwathu

Makolo athu a ku Tsangano ndi ku Macanga analibe banki, koma kusunga ankakudziwa. Cimanga cinkalowa m'nkhokwe. Cotsala ankasintha ndi nkhuku. Nkhuku zikaswana ankapeza mbuzi, mbuzi zikaculuka ankapeza ng'ombe. Kwa Angoni a m'mapiri muno, khola ndilo linali thumba la banja: ng'ombe inkalowola mkazi, inkatha mlandu, inkapulumutsa mudzi pa njala.

Ndalama inabwera pamodzi ndi msonkho. Apwitikizi ankafuna eskudo, ndipo wolephera kukhoma ankamugwira kupita ku cibalo. Amuna ambiri anapita ku mafamu a ku Rhodesia ndi ku migodi ya ku Joni. Pobwera, ena ankagula njinga, makina osokera kapena thadzi la ng'ombe. Ena ankaika ndalama mumphika ndi kukwirira pansi m'nyumba.

Tiyeni tiutsate mphika umenewu, pakuti nkhani yagona pamenepo.

Pa 16 Juni 1980, zaka zisanu dziko litalandira ufulu, Pulezidenti Samora Machel analengeza ndalama yathu, metikali. Eskudo imodzi inkasinthidwa ndi metikali imodzi. Masiku osinthira anali owerengeka. Amene anacedwa kufukula mphika wake anatsala ndi mapepala opanda nchito.

Amene anasintha nakwiriranso anakumana ndi mbala ina, yosathyola citseko. Mu 1986 dola imodzi ya ku America inali pafupifupi mametikali 40 pa mtengo wa boma. Mu 1987 boma linatsitsa mphamvu ya metikali, ndipo caka comweco dola inafika pa 400. Pofika mu 2006 inali pa 25,000 kapena kupitirira. Pa 1 Julayi 2006 anadula maziro atatu: 1,000 yakale inasanduka metikali imodzi yatsopano. Akuluakulu ena amati tsiku limenelo ndilo anawabera. Iyayi, makosana. Kudula maziro sikunacotse kanthu. Ndalama inali itafumbwa kale ndi kukwera kwa mitengo, monga cimanga cifumbwa ndi anankafumbwe thumba lili cimangire. Werengani nokha pa bolodi: mametikali 4,000 a mu 1986 anali ngati madola 100. Mu 2006 anali mametikali 4, osagula ndi nkhuku yomwe.

Kodi ndiye kuti wa khola anapambana? Ng'ombe imaswa, mphika suswa; pamenepo palibe mtsutso. Koma nkhondo ya zaka 16 inaonetsa kuti khola nalonso limagwa. Ng'ombe zinalandidwa, nkhokwe zinatenthedwa, ndipo anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ambiri a kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Obwerera anapeza minda itamera thengo. Munda wokha, mapicesi amene anabzala kale, ndi luso la m'manja, ndizo zinawadikira.

Ife a m'malire tili ndi msampha wina. Timagulitsa kacewere ndi kabici kwa Amalawi, ndipo nthawi zina timalandira makwaca. Mu Novembala 2023 kwaca inagwetsedwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi. Amene anasunga makwaca m'nyumba anadzuka atasauka, asanagule kanthu.

Ku Furancungo vuto ndi lina. Ndalama ya fodya imabwera kamodzi pa caka, kampani itadula kale ngongole ya feteleza. Mu Julayi thumba ndi lodzaza. Mu Febuluwale munthu yemweyo ali pa ganyu.

Cifukwa cake m'midzi yambiri muli magulu osunga ndi kubwereketsa. Njira imeneyi inayamba ku Niger mu 1991, ndi bungwe la CARE. Anthu 15 mpaka 30 amasonkhana ndi kuponya ndalama m'bokosi la maloko atatu, ndipo makiyi amasunga anthu atatu osiyana. Ndalama sigona: mmodzi amabwereka kugula mbewu, nabweza ndi ciongoladzanja. Caka cikatha amagawana, aliyense monga anaponyera. Inenso ndimaikonda njira imeneyi, koma ili ndi pofooka pake. Zonse zimadalira kabuku ndi dzanja la mlembi. Mai amene sadziwa manambala sangaone ngati mlembi walemba 50 pamene iye anaponya 500. Pa phunziro la mawa, aliyense wa m'gulu abwere ndi kabuku kake, tidzawerenge mzere ndi mzere.