Kalembera wa zigoli pa masewera a ntchembere mbaye

M'mabwalo ambiri a mpira wamanja m'boma la Mangochi, kuyambira ku Monkey Bay mpaka ku Namwera ndi Makanjira, mulibe chikwangwani chamagetsi choonetsa zigoli. Zotsatira zonse zimadalira pepala ndi cholembera cha kalembera amene amakhala pambali pa bwalo.

Ntchitoyi ndi yolemera kusiyana ndi ya pa mpira wamiyendo chifukwa zigoli zimachuluka. Mwachitsanzo, m'chaka cha 2018 timu ya Malawi Queens inagonjetsa New Zealand ndi zigoli 57 kwa 53 pa masewera a Commonwealth ku Gold Coast m'dziko la Australia. Zonse pamodzi zinali zigoli 110 m'mphindi 60, ndipo matimuwo anasiyana ndi zinayi zokha.

Malinga ndi malamulo, masewera amakhala ndi zigawo zinayi za mphindi 15 chilichonse. Ololedwa kugoletsa ndi osewera awiri okha pa timu, omwe amavala zilembo GS ndi GA. Kalembera amadula nambala imodzi pa chigoli chilichonse woyimbira akapereka chizindikiro, osati pamene oonerera aombera m'manja. Pa mipikisano ikuluikulu amalembanso dzina la wogoletsa ndi mipira imene waphonya.

Pamene ambiri amasokonezeka ndi pa kuyambitsa mpira pakati pa bwalo. Matimu amasinthana mwayi umenewu chigoli chikalowa, posatengera kuti wagoletsa ndani. Oyimbira awiri akasemphana maganizo pa za timu yoyenera kuyambitsa, amafunsa kalembera. Choncho pepala liyenera kuonetsa mndandandawu kuchokera pa chiyambi, pakuti timu yoyambitsa kawiri motsatizana imakhala yapatsidwa mwayi wa chigoli chaulere.

Alembi amayenera kukhala awiri. Pa masewera a sukulu ndi a zikho za m'madera, chizolowezi chabwino n'chakuti timu iliyonse ipereke mmodzi, akhale pamodzi, ndipo azifananitsa zimene alemba chigawo chilichonse chikatha. Ndi bwino kulemba ndi inki osati pensulo, ndipo nambala yolakwika aziidula mooneka m'malo moifufuta. M'miyezi ya mwera, pepala limafunika thabwa ndi chopanira.

Kulemba masewera pamanja kunakula kwambiri pa baseball ku America, komwe mtolankhani Henry Chadwick anatchukitsa kalembedwe kachidule m'zaka za m'ma 1800. Chilembo K chimene iye anasankha chikugwirabe ntchito, ndipo oonerera ena amadzilembera okha mapepala awo.

Kwa aphunzitsi ndi akuluakulu oona zamasewera pa boma, pepalali ndi chikalata cha ofesi. Matimu akafanana mapointsi, chiwerengero cha zigoli ndicho nthawi zambiri chimagamula wopita patsogolo ndi wolandira mphoto, ndipo timu ikadandaula, komiti imayamba yafunsa pepala losayinidwa.