Nyumba Zimene Sizinagwe Koma Sizinawongoke

Chivomerezi cha pa 18 Epulo 1906 chinasandutsa bwinja nyumba zambiri za njerwa ku San Francisco, ndipo moto unamaliza zotsala. Koma nyumba zosanja zomangidwa pa mizati ndi mitanda yachitsulo, monga Call Building, zinapezeka zili chiimire ngakhale zinapsa mkati. Kuyambira pamenepo akatswiri a zomangamanga anaika mtima wawo pa chitsulo.

Chimene chinawakopa ndi khalidwe lake. Mwana wopanga galimoto ya waya amalidziwa bwino: ukaupinda pang'ono waya umabwerera, ukaupinda kwambiri umakhala chipindikire, koma suthyoka msanga. M'ma 1960 mainjiniya monga Nathan Newmark anasonyeza kuti nyumba yotha kupindika popanda kuthyoka imapirira chivomerezi chachikulu ngakhale isakhale yolimba mopambanitsa, chifukwa mphamvu ya kugwedezekako imathera popindikapo. Malamulo a zomangamanga anatengera nzeru imeneyi. Cholinga chinali chimodzi: anthu atulukemo amoyo. Zoti nyumbayo idzakhala yotani fumbi likatsika, ndi ochepa amene ankazifunsa.

Pa 17 Januwale 1994 chivomerezi chinagwedeza dera la Northridge ku Los Angeles. Kunja nyumba zachitsulo zinkaoneka bwinobwino. Koma atakanganula siling'i ndi zokutira zoteteza zitsulo ku moto, anapeza ming'alu powotcherera, pamene mtanda umagwirana ndi mzati. Chitsulo chimene ankayembekezera kuti chipindika chinali chitang'ambika mwakabisira. Patatha chaka chenicheni, tsiku lomwelo, chivomerezi china chinapha anthu oposa 6,000 mumzinda wa Kobe ndi madera oyandikana nawo ku Japan, ndipo kumenekonso nyumba zambiri zachitsulo zinathyoka polumikizira kapena kutsala zitapendekeka. Bungwe la FEMA la ku America linathandiza kafukufuku wa zaka zingapo amene anatulutsa malangizo atsopano mu 2000. Imodzi mwa njira zake ndi yosema dala m'mbali mwa mtanda, chapatali pang'ono ndi mzati, kuti upindike pamenepo ndipo powotcherera papulumuke.

Vuto lina linali likudikira. Nyumba ikapindika monga mmene anaikonzera, siibwerera pamalo pake. Zitseko zimakana kutsekeka, chikepe chimakakamira panjira, ndipo palibe amene angagone tulo mmenemo podziwa kuti nthaka igwedezekanso. Ofufuza ku Japan anapeza kuti nyumba ikapendekeka kupitirira sentimita imodzi pa mamita awiri aliwonse a msinkhu wake, kawirikawiri kuigwetsa n'kumanganso kumatchipa kusiyana ndi kuiwongola. Pa chipinda cha mamita anayi kupita m'mwamba, amenewo ndi masentimita awiri okha, ochepa moti munthu wodutsa mumsewu sangawaone.

Mzinda wa Christchurch ku New Zealand unalawa zowawa za vutoli pa chivomerezi cha pa 22 Febuluwale 2011. Anthu 185 anafa, ambiri a iwo m'nyumba ziwiri za konkire zimene zinagwa. Nyumba zina mazanamazana za pakati pa tauni zinapulumutsa anthu ake, koma pambuyo pake zinagwetsedwa chifukwa kukonza kunali kodula, ndipo mbali ina ya tauniyo inakhala yotsekedwa zaka zoposa ziwiri. Pacific Tower, nyumba yachitsulo ya nsanjika 22, inaonetsa njira ina: kuwonongeka kwakukulu kunagwera pa zidutswa zazifupi za mitanda zimene zinakonzedwera ntchito yomweyo, anazikonza, ndipo mu 2013 anthu anabwereramo.

Kumeneko n'kumene nzeru za masiku ano zalowera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ofufuza pa yunivesite ya Lehigh anayesa kumanga mitanda ndi zingwe zachitsulo zokungidwa kwambiri, zimene zimalola nyumba kutengeka kenako n'kuikokera pamalo pake. Ena amaika zidutswa zomangidwa ndi mabawuti, zoti zikapindika azimasule n'kuikapo zina. Mu 2012 FEMA inaika kupendekeka kotsalira m'gulu la zinthu zoyezera ngati nyumba ingakonzeke.

Kupulumutsa moyo kudzakhalabe patsogolo. Koma wopulumukayo amafunikanso chipatala, sukulu ndi malo antchito mawa lake, ndipo mzinda umene nyumba zake zaima koma zosalowedwa umasamukitsa anthu ake mmodzimmodzi.