Kodi Chigawo Chokwera Koposa Ndi Chiti?

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, makamaka inu a ku Vubwi, Katete ndi Sinda, phunziro lathu liyamba ndi funso limene mwana aliyense angafunse akaona mapu a Zambia pakhoma. Mwa zigawo khumi za dziko lathu, chokwera koposa ndi chiti, ndipo chotsika koposa ndi chiti? Funsoli limveka lapafupi, koma wofulumira kuliyankha amalakwa, pakuti chigawo chimodzi chingakhale ndi mtunda wozizira ndi chigwa chotentha pamodzi. Tiona ndithu kuti kukwera ndi kutsika kwa dziko kunatsogolera makolo athu posankha pokhala, kunalemba malire, ndipo kunasamutsa ngakhale likulu la boma.

Poyamba timvane za kayezedwe. Tikanena kuti malo akuti ali pa mamita 1,000, sitiyeza kuchokera patsinde pa phiri kapena pamtsinje wapafupi ayi. Tiyeza kuchokera pamwamba pa madzi a nyanja yaikulu yamchere, chifukwa ndiwo muyezo umene maiko onse agwirizana. Dziko lathu lilibe nyanja yotere, komabe tiyerekeza ngati kuti madzi a nyanja ya Indian apita pansi pa nthaka yathu mpaka pansi pa sukulu yanu, ndipo tifunsa kuti chingwe chofika pa madziwo chingatalike bwanji. Ku Vubwi ndi ku Katete chingweco chingakhale cha mamita pafupifupi 1,000, ndipo pamwamba pa mapiri monga Mphangwe chingapitirire. Aphunzitsi, chenjerani ndi mapu akale amene ali m'makabati a sukulu zina: manambala ake ali m'mafiti, ndipo mafiti 3,300 ndiwo afanana ndi mamita pafupifupi 1,000.

Masiku ano akatswiri amayeza ndi makina olandira uthenga kuchokera mumlengalenga. Kale sizinali choncho. Pamene David Livingstone anadutsa Africa kuchokera ku Luanda kukafika ku Quelimane pakati pa 1854 ndi 1856, ankayeza kukwera kwa malo ndi madzi owira. Madzi amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere, koma munthu akakwera mamita pafupifupi 300, amawira msanga ndi digiri imodzi, chifukwa mpweya wopsinja pamwamba pake wachepa. Tsono iye ankawiritsa madzi, naviikamo chipangizo choyezera kutentha, nawerengera. Mphika wa nyemba umene amayi atereka ku Vubwi umawira pa madigiri 96 kapena 97, osafika 100. Munthu amene anakwera njira ya kwathu kuno Livingstone asanabadwe ndi Mpwitikizi wina, Francisco de Lacerda, amene ananyamuka ku Tete mu 1798, nakwera dziko la Amaravi, natsikira mu Luangwa, nakweranso mapiri a Muchinga. Anamwalira chaka chomwecho pafupi ndi mudzi wa Mwata Kazembe, malungo atamfooketsa panjira.

Tsopano tione manambala. Malo okwera koposa m'Zambia ali pa mapiri a Mafinga, m'Chigawo cha Muchinga, pamalire ndi Malawi, ndipo afika mamita 2,339. Malo otsika koposa ali pamene mtsinje wa Luangwa uthira mu Zambezi, pa tauni ya Luangwa imene kale inkatchedwa Feira, ndipo ali pa mamita 329. Chotsani nambala yaing'ono pa yaikulu, mupeza mamita 2,010. Dziko lonse la Zambia lili pakati pa manambala awiriwa, koma mbali yake yaikulu ndi mtunda woyalana wa mamita pakati pa 1,000 ndi 1,400.

Apa ndipo pali msampha. Malo otsika koposawo ali m'Chigawo cha Lusaka, chikhalirecho mzinda wa Lusaka uli pa mamita pafupifupi 1,280, pamwamba kuposa Chipata ndi Katete. Kodi tinene kuti Lusaka ndi chigawo chokwera kapena chotsika? Chigawo cha Kumpoto nachonso chili chimodzimodzi. Mbala ili pamwamba pa mamita 1,600, ndipo kumazizira kwambiri m'mwezi wa June, koma mukatsika makilomita ngati 40 okha mufika ku Mpulungu, pa nyanja ya Tanganyika, imene madzi ake ali pa mamita 773. Ku Chigawo cha Kummwera, Choma ili pa mamita pafupifupi 1,300, pamene nyanja ya Kariba ili pansi pa mamita 500. Ngakhale Muchinga, mwini nsonga yaitali koposa, ali ndi gawo lake m'chigwa cha Luangwa.

Zigawo zina n'zofatsa, zopanda kukwera ndi kutsika kodzidzimutsa. Ku Copperbelt mizinda ya migodi ili pakati pa mamita 1,200 ndi 1,400, ndipo Kabwe wa m'Chigawo cha Pakati ali pansi pang'ono pa iyo. Chigawo cha Kumpoto chakumadzulo n'chokwera ndithu, ndipo kumeneko, pafupi ndi phiri la Kalene, ndiko kuli kasupe wa Zambezi pa mamita pafupifupi 1,500. Ganizirani ulendo wa madzi amenewo: pofika ku Luangwa amakhala atatsika mamita oposa 1,100, ndipo oposa 100 mwa iwo amawatsika kamodzi n'kamodzi pa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Ku Luapula, nyanja ya Bangweulu ili pa mamita 1,140 ndipo ya Mweru ili pa 917, n'chifukwa chake mtsinje wa Luapula uchokera ku Bangweulu kupita ku Mweru, osati kubwerera.

Chigawo cha Kumadzulo chitiphunzitsa kanthu kena. Kumeneko dziko n'lathyathyathya, la mamita ongopitirira pang'ono 1,000, ndipo mwana angakule osaona phiri lenileni. Koma kusiyana kochepa kumene ife a kumapiri sitingakuwerengere n'komwe, kwa Alozi ndi nkhani ya moyo. Zambezi akadzaza, dambo lalikulu limamira, ndipo Litunga amasamuka pabwato kuchoka ku Lealui kupita ku Limulunga, kumtunda kosafika madzi. Mwambo wa Kuomboka unabadwa mwa kukwera ndi kutsika kwa dziko.

Tibwerere kwathu ku Chigawo cha Kummawa, kumene akuluakulu anagawa dziko pawiri kalekale mapu asanabwere: kumtunda ndi ku Malambo. Kumtunda ndiko kuli Vubwi, Chadiza, Katete, Sinda ndi Chipata, dziko la misuku ndi mombo, la chimanga, mtedza ndi ng'ombe. Ku Malambo ndiko kuchigwa cha Luangwa, kumene Mfuwe ili pansi pa mamita 600, dziko la milambe ndi mitengo ya tsanya, la nyama zakutchire ndi kutentha koopsa m'mwezi wa October. Lamulo lake n'lakuti munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri ngati 6. Choncho amene achoka ku Katete atavala juzi m'mamawa amaivula asanafike kwa Mambwe.

Kusiyana kumeneku kunalamulira mbiri yathu kudzera mwa kachirombo kakang'ono, kashembe. Ntchentche imeneyi imakonda tchire lotentha la m'zigwa, imapha ng'ombe, ndipo kwa anthu imabweretsa matenda a kaodzera. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu November 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa, ndipo anawolokera chapafupi ndi malo otsika koposa aja. Sanakhazikike kuchigwako. Anali anthu a ng'ombe, ndipo ulendo wawo unawafikitsa kutali kumpoto, ku dziko lokwera la Ufipa. Patapita zaka zambiri Mpezeni anabwerera ndi gulu lake nakhala pa mtunda wa Chipata, pamene ng'ombe zikanatha kuswana. Achewa ambiri a nthawi ya nkhondo imeneyo anapulumukira m'malinga ndi pamwamba pa mapiri, kumene mdani aonekera patali ndipo mwala umodzi ugwira ntchito ya amuna angapo.

Azungu nawonso anasirira mtunda womwewo, pa zifukwa zawo. Ankaopa malungo a m'zigwa, ndipo atagonjetsa Angoni mu 1898 anamanga Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, kukhala likulu la North-Eastern Rhodesia. Kampani ya North Charterland inadzitengera dziko lalikulu la kumtunda kuno, ndipo m'zaka za m'ma 1920 anthu ambiri anasamutsidwa kukapanikizana m'malo opatulidwira anthu akuda. Nthaka ya kumeneko inaguga chifukwa cha kuchuluka kwa anthu, pamene minda imene anaisiya inasanduka tchire, nyama zinabwerera, ndipo kashembe anakwera nazo. Boma la atsamunda linagula dzikolo kwa kampaniyo mu 1941 ndi kuyamba kubwezeramo anthu. Mukamva agogo anu akutchula mudzi wakale umene makolo awo anachotsedwako, afunseni bwino, pakuti nkhani yawo ingakhale mbali ya mbiri imeneyi.

Likulu la dziko lonse linayendanso motsata mtunda. Azungu oyamba okhazikika pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya anakhala m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, pa malo otchedwa Old Drift, ndipo malungo anawapulula kotero kuti anasamukira pamalo okwera pamene pali mzinda wa Livingstone. Mzindawu unakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1911, koma unali kumapeto kwa dziko ndiponso wotentha. Mu 1935 boma linasamukira ku Lusaka, pakati pa dziko, pamwamba ndi mamita pafupifupi 300. Koma amene analipira mtengo waukulu wa mzere wa pa mapu ndi Atonga a m'chigwa cha Gwembe. Pomanga damu la Kariba, limene linatha mu 1959, akatswiri anawerengera pamene madzi adzafike. Aliyense wokhala pansi pa muyezowo anayenera kuchoka. Anthu pafupifupi 57,000 a tsidya lino ndi tsidya lija anasiya minda yawo ya m'mphepete mwa mtsinje ndi manda a makolo awo, ndipo zonsezo zili pansi pa madzi kufikira lero.

Inu a ku Vubwi muli ndi chitsanzo pakhomo penipeni. Boma lanu, limene linapatulidwa ku Chadiza mu 2012, ligundana ndi Malawi kummawa ndi Mozambique kummwera. Kodi munadzifunsapo chifukwa chake malire athu ndi Malawi ali okhotakhota chotere? Mu 1891 Angerezi anati malire atsate msana wa dziko, pamene madzi a mvula amagawikana. Dontho logwa kummawa kwa msanawo limatsikira ku mitsinje monga Bua, nilowa m'nyanja ya Malawi, nituluka ndi Shire. Logwa mbali yathu limatsikira kummwera kulowa m'Mozambique, kapena, ngati lagwa chakumpoto kwa Katete, limatengedwa ndi Lupande kupita ku Luangwa. Chodabwitsa n'chakuti madontho onsewa amakakumana mu Zambezi.

Kwa wolemba mapu wokhala ku London, msana wa dziko unaoneka malire abwino. Koma pa mtunda woyalana ngati wathu msanawo suoneka ndi maso. M'malo ambiri ndi munda chabe kapena kanjira ka kudambo. Madzi amagawikana pamenepo, anthu sanagawikanepo. Achewa a mbali zonse anali a mitundu imodzi, Abanda ndi Aphiri, okwatirana ndi kuikana maliro. Chaka chomwecho cha 1891 pangano la Angerezi ndi Apwitikizi linadulanso kummwera, ndipo likulu lakale la Undi ku Mano linatsalira m'dziko la Apwitikizi. N'chifukwa chake pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'mwezi wa August, mafumu a maiko atatu amadza kwa Kalonga Gawa Undi mmodzi.

Nanga funso lathu lija tiliyankhe bwanji? Mwana akalifunsa, mphunzitsi ambwezere funso lina: ukunena nsonga yaitali koposa, malo otsika koposa, kapena pamene pakhala anthu ambiri? Ngati ndi nsonga, yankho ndi Muchinga. Ngati ndi malo otsika, yankho ndi Lusaka. Ndipo onjezani kuti yankho lingasinthe phiri lisanasunthe, chifukwa malire a zigawo amalembedwa ndi anthu. Chisanafike chaka cha 2011 kunalibe Chigawo cha Muchinga, ndipo mwana wolemba mayeso nthawi imeneyo akanakhoza poyankha kuti mapiri a Mafinga ali m'Chigawo cha Kumpoto. Boma la Chama linachotsedwa ku Chigawo cha Kummawa mu 2011 kupita ku Muchinga, ndipo linabwezedwa mu 2021.

Pa ntchito ya sabata ino, tulukani ndi ana pabwalo la sukulu. Umbani ndi dothi lonyowa mtunda wautali ngati mzere wa mbatata, wokhala ndi chigwa chakuya mbali imodzi. Ikani mwala pamwamba pake kukhala Vubwi, ndi wina m'chigwa kukhala Mfuwe. Mwana mmodzi athire madzi pang'onopang'ono pamsana pa mtundawo ndi chitini chobowola, ndipo ena aone kumene madzi athamangira. Kenaka mvula ikagwa, tsatani ngalande ya kuseri kwa kalasi yanu kufikira pa khwawa loyamba, mufunse akuluakulu a pamudzi dzina lake ndi mtsinje umene lithiramo, ndipo mulembe mainawo motsatana m'makope anu mpaka mufike pa Zambezi.