Khutu Limodzi Likafa, Kukweza Mawu Sikokwanira

Chotupa chimene madokotala amachitcha vestibular schwannoma, ena amati acoustic neuroma, chimamera pa mtsempha wa nambala 8 wa m'mutu. Mtsemphawu ndiwo umanyamula mawu kuchoka m'khutu kupita ku ubongo, komanso umathandiza munthu kuyenda osadzandira. Chotupachi si khansa ndipo chimakula pang'onopang'ono, koma pochichotsa nthawi zambiri khutu la mbali imeneyo limasiya kumva. Opaleshoni yotchedwa translabyrinthine imadutsa m'kati mwenimweni mwa khutu, moti dokotala amamuuziratu wodwala kuti khutulo silidzamvanso.

Achibale akaona munthu wawo akungoti "Mwati bwanji?", amathamangira kumugulira kachipangizo kokuza mawu, kokhala ndi maikolofoni, batire ndi tomvera m'makutu, monga Pocketalker. Ku America tizipangizo totere timatchedwa PSAP, ndipo bungwe la FDA limati ndi ta anthu amene amamva bwinobwino koma akufuna kumva zapatali kapena zapansipansi. Hearing aid ndi chinthu china. Katswiri amaichuna mogwirizana ndi audiogram, pepala losonyeza mmene khutu lililonse likumvera mawu aakulu ndi aang'ono, obesa ndi opyapyala.

Funso loyamba ndi lakuti vuto lili pati. Ngati njira ya mawu yangotsekeka, kaya ndi phula, mafinya kapena kubooka kwa nembanemba ya m'khutu, madokotala amati conductive loss, ndipo kukweza mawu kumathandiza. Koma mtsempha ukadulidwa zili ngati kukweza wailesi pamene waya wopita ku sipika waduka.

Chimene chimasautsa kwambiri ndi chija amachitcha head shadow. Mutu wa munthu mwiniwakeyo umatchinga mawu ochokera ku mbali yakufa, makamaka opyapyala ngati "s" ndi "f", omwe ndi amene amasiyanitsa liwu ndi linzake. Tiyerekeze kuti mayi wakhala mu minibasi, mnzake ali kumanzere kumene kuli khutu lakufa, injini ikulira kumanja. Akumva kuti mnzakeyo akulankhula, koma zimene akunena sakuzigwira. Pamsewu amamva hutala osadziwa kumene galimoto ikuchokera, chifukwa ubongo umadziwa mbali poyerekeza zimene makutu awiri amva. Anthu amayamba kumunena kuti wayamba matama, sayankha moni. Zimenezi zimandiwawa mtima, chifukwa wodwalayo amafika potopa n'kusiya kupita kumene kuli anthu ambiri.

Njira zimene zilipo zimawolotsa mawu kupita ku khutu lamoyo. CROS, imene Harford ndi Barry anaifotokoza mu 1965, imaika maikolofoni pa khutu lakufa n'kutumiza mawu ku linalo. BAHA, imene Anders Tjellström anayamba kuika pa odwala ku Gothenburg mu 1977, imadutsitsa mawu m'fupa la chigaza. Zonse ziwiri zimachepetsa kutchinga kwa mutu koma sizibwezeretsa luso lodziwa kumene mawu akuchokera. Cochlear implant imafuna mtsempha wamoyo, choncho siithandiza amene mtsempha wake unadulidwa.

Kachipangizo kotchipa kaja kali ndi ntchito yake ndithu. Maikolofoni yake ikaikidwa pafupi ndi wolankhula, kaya patebulo la msonkhano kapena pa mpando wa m'galimoto mbali yakufayo, ndipo chomvera chikalowa m'khutu lamoyo, mawu amafika asanasakanikirane ndi phokoso. Ngozi ili pa kabatani kokwezera. Phokoso la madesibelo 85 kwa maola 8 tsiku ndi tsiku limawononga kumva, ndipo munthuyu watsala ndi khutu limodzi lokha. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti asanagule chilichonse akayezetse khutu lotsalalo. Kuno kwathu amayeza ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre.