Alenje Oitana Gwape

Ife Achewa okhala m'boma la Chongwe, m'dziko la Asoli la ufumu wa Nkomeshya, tikamakumbuka nzeru za makolo timafulumira kutchula Gule Wamkulu ndi chinamwali. Koma panalinso luso lina limene likuzilala: luso la mlenje loitana nyama.

Mfuti zisanachuluke, chida cha mlenje chinali uta ndi mivi. Muvi sufika patali, ndipo gwape ndi nyama yatcheru, yothawira m'zitsamba. Motero mlenje wanzeru sankamuthamangitsa, koma ankamuitana. Mbandakucha ankauluza phulusa kuti aone kolowera mphepo, nabisala poti fungo lake lisafike kwa nyama. Pamenepo ankatsina mphuno kapena kuika tsamba pamilomo, nalira monga mwana wa gwape wogwidwa. Make, nthawi zina ngakhale wamphongo, ankadza mothamanga, naima pafupi. Mlenje ankalira pang'ono, kenaka nakhala chete nthawi yaitali, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ankakhalanso maso, chifukwa kulira komweko kumaitana kambuku ndi fisi.

Kunsonga kwa muvi ankapakako ulembe. Abale athu Amang'anja a kuchigwa cha Shire ankaupanga ndi njere za kombe. John Kirk, amene anali paulendo wa David Livingstone wa 1858 mpaka 1864, anatumiza njerezo ku Britain, ndipo mu 1885 Thomas Fraser wa ku Edinburgh anaonetsa kuti zili ndi mankhwala a mtima otchedwa strophanthin.

Ulenje unali ndi mwambo wake. Mfumu inkalandira gawo la nyama, ndipo minyanga ndi zikopa zinkapita kwa Kalonga Gawa Undi monga mtulo, pamene mafumu ankapita kukalamba.

Zinthu zinasintha. Mu 1983 boma linakhazikitsa Lower Zambezi National Park, yomwe malire ake akumadzulo ndi mtsinje wa Chongwe, ndipo lamulo la nyama zakutchire la 2015 limaletsa kusaka popanda chilolezo. Misampha ya waya imapha chilichonse mosasankha, ndipo ng'anjo za makala zikudya nkhalango zimene gwape ankabisalamo.

Sitikupempha achinyamata kuti atenge uta. Tikuwapempha kuti akhale pansi ndi agogo awo, amve kulirako, akujambule ndi kukusunga. Tisamalenso tchire, kuti mdzukulu akadzaika tsamba pamilomo padzakhale gwape womuyankha.