Asilikali a M'thupi ndi Selo Lopanduka

Aliyense amene anaperekezapo m'bale wake kukalandira ma ARV amalidziwa liwu loti CD4. Nambala yake ikatsika, achipatala amati chitetezo cha m'thupi chafooka, ndipo ambiri timaganiza za chifuwa chachikulu kapena mashingozi basi. Koma chitetezo chomwecho chili ndi ntchito ina imene sitiikamba kawirikawiri: kusaka ndi kupha maselo a thupi lathu lomwe akayamba kupanduka.

Khansa imayamba ndi selo limodzi. Malangizo a mu DNA yake akawonongeka, seloli limaleka kumvera, limangogawikana osasiya mpaka pabwera chotupa. Si chotupa chilichonse chili khansa. Chimatchedwa khansa ngati chikulowerera m'minofu yoyandikana nacho kapena kufalikira ku ziwalo zina kudzera m'magazi.

Selo lopanduka nthawi zambiri limadziulula lokha. Pakhungu pake pamaoneka timapuloteni tachilendo totchedwa antigen, ndipo asilikali a m'thupi amalizindikirira pamenepo. Maselo a T a mtundu wa CD8 ndiwo amapha, a CD4 ndiwo amaitanira anzawo ndi kuwatsogolera, pomwe maselo a NK amagwira selo limene labisa zizindikiro zake. Ulonda wosalekezawu akatswiri amautcha immune surveillance, ganizo limene Macfarlane Burnet ndi Lewis Thomas analilimbikitsa m'zaka za m'ma 1950.

Umboni wake tinauona ndi maso kuno kwathu. Kachilombo ka HIV kamawononga maselo a CD4, ndipo mliri wa Edzi utafika povuta, zipatala zinadzaza ndi odwala khansa yapakhungu ya Kaposi: mawanga akuda m'miyendo, phazi kutupa mpaka nsapato kukana, ena zotupa m'kamwa. Moritz Kaposi anafotokoza nthendayi mu 1872, koma kachilombo koyambitsa kanadziwika mu 1994, atakapeza Yuan Chang ndi Patrick Moore. Anthu ambiri m'chigawo chathu chino ali nako koma sadwala, chifukwa chitetezo chimakapanikiza. N'chifukwa chake ena akayamba kumwa ma ARV mokhulupirika, mawanga aja amayamba kuzilala.

Khansa ya khomo la chiberekero imayenda njira yofanana. Kachilombo ka HPV kamalowa mwa anthu ambiri, ndipo mwa ochuluka thupi limakachotsa lokha. Kakakhalitsa m'pamene maselo amayamba kusintha. Mayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo cha khansayi pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa amene alibe. Nayonso khansa ya Burkitt, yotupitsa nsagwada za ana, imene Denis Burkitt anaifotokoza ali ku Uganda mu 1958, imakonda madera a malungo, kumene chitetezo cha mwana chimalephera kuletsa kachilombo ka Epstein-Barr.

Nanga bwanji munthu wa chitetezo cholimba amadwalanso khansa? Apa pali liwu lina, checkpoint. Maselo a T ali ndi mabuleki owaletsa kuukira thupi la mwini wake, ndipo awiri odziwika ndi CTLA-4 ndi PD-1. Zotupa zina zimaphunzira kuponda mabulekiwo, msilikali n'kungoima chotupa chikukula pamaso pake. James Allison ndi Tasuku Honjo analandira mphoto ya Nobel mu 2018 chifukwa cha kafukufuku amene anatsegula njira ya mankhwala omasula mabulekiwa. Chithandizo chotere chimatchedwa immunotherapy. Chathandiza kwambiri odwala ena a khansa ya melanoma ndi ya m'mapapo, koma sichigwira kwa aliyense, mtengo wake ndi wokwera, ndipo nthawi zina asilikali omasulidwawo amatembenukira matumbo kapena khungu la wodwalayo.

Mawu oti "kuwonjezera chitetezo" amene amalembedwa pa mabotolo ogulitsidwa m'misika sakutanthauza zimenezi, ndipo palibe chakumwa chimene chimasungunula chotupa. Zimene zatsimikizika kuti zimagwira ntchito zilipo kale pafupi nafe: kumwa ma ARV osadumphitsa, katemera wa HPV amene Malawi inayamba kupereka kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019, ndi kuyezetsa khomo la chiberekero, pamene namwino amapakapo viniga n'kuyang'ana malo amene ayera, khansa isanayambe.